Mwana wofatsa m'kalasi, kodi akuwerenga?

Mau amene kholo lililonse limakondwa kumva pakamwa pa aphunzitsi ndi akuti, "Mwana wanu ndi wofatsa, sasokosa m'kalasi." Tikamva conco timabwerera ku mudzi mtima uli m'malo, ndipo ena a ife timafika pomuphera nkhuku mwanayo. Koma pali mafunso awiri amene sitifunsa kawirikawiri. Kodi mwana wofatsayu akapatsidwa pepala limene sanalionepo, angaliwerenge yekha popanda anzake omutsogolera mau? Nanga tikamutuma ku kantemba ndi K50 kuti akagule mcere wa K8 ndi sopo wa K17, adziwa kuti ayenera kubwera ndi cenji ya K25?

Ife amene timakhala ndi ana pa maphunziro a katekisimu tsiku Loweruka timaona cinthu cimene cimatidetsa nkhawa. Alipo ana a Giredi 5 ndi Giredi 6 amene amanena pemphero lonse pamtima osaphonya ngakhale liu limodzi. Koma muwapatse buku kuti aloze ndi cala pamene akuwerenga, mudzaona pakamwa pali pa mzere wacitatu pamene cala cikali pa mzere woyamba. Anawa si opusa ai. Mutu wogwira pemphero lalitali ndi mutu wabwino. Cimene cinacitika ndi cakuti anadutsa zaka zinayi kapena zisanu pa sukulu popanda munthu wowamva akuwerenga paokha, ndipo iwo, pokhala ana oleredwa bwino, sanavutitse munthu.

Tisamvane molakwa, abale. Ulemu umene timaphunzitsa ana pakhomo ndi cuma, ndipo aphunzitsi amaufuna. Mwana wolandira buku ndi manja awiri, wopereka moni polowa, wonena "zikomo" pofuna kudutsa, wosadula mau wamkulu akamalankhula, wosatenga pensulo ya mnzake popanda kupempha, ameneyo amapeputsa nchito ya aphunzitsi. M'kalasi lodzaza ulemu wotere ndiwo umapatsa ana onse mpata womva. Ana atatu cabe okankhana kumbuyo akhoza kudya theka la phunziro la anzao onse.

Koma pakati pa miyambo yabwinoyi pali umodzi umene ukalowa m'kalasi osaukonza umasanduka msampha. Pakhomo timati mwana sayang'ana wamkulu m'maso, sabweza mau, ndipo akauzidwa cinthu amati "inde" n'kupita. Kufunsa wamkulu kawiri timakuona ngati mwano. Tsono mwanayo akafika pa sukulu, aphunzitsi amalemba pa bolodi, amafotokoza, kenaka amafunsa kuti, "Tamvana?" Kalasi lonse limayankha ndi liu limodzi kuti, "Inde aphunzitsi!" M'kati mwa "inde" ameneyo muli ana khumi amene amvadi, muli ena amene amva pang'ono, ndipo muli gulu lalikulu limene silinamve kanthu koma laona kuti kunena "ai" kwa munthu wamkulu ndi kupanda ulemu. Aphunzitsi amafafaniza pa bolodi ndi kupita patsogolo. Mawa lake phunziro latsopano limamangidwa pamwamba pa dzenje.

Kuyankhira pamodzi kumabisa zambiri. Mwana wanzeru amaphunzira msanga kutsegula pakamwa pang'ono pambuyo pa anzake, monga momwe ena a ife timacitira m'chalichi tikaiwala ndime yaciwiri ya nyimbo. Amakopera bwino zonse za pa bolodi, ndipo kabuku kake kamaoneka kaudongo. Kukopera si kulemba. Mwana akhoza kujambula zilembo monga ajambulira nyumba ndi mtengo, osadziwa kuti zikunena ciani.

Aphunzitsi mmodzi, ana makumi asanu ndi atatu

Tisanaloze cala aphunzitsi, tiyeni tione mmene zinthu ziliri. Mu 2002 boma la a Levy Mwanawasa linacotsa malipiro a sukulu kuyambira Giredi 1 kufika Giredi 7. Mu Januwale 2022 boma la a Hakainde Hichilema linafikitsa maphunziro aulere mpaka Giredi 12. Ana amene anali kubusa ng'ombe ndi kugulitsa zitumbuwa anabwerera ku sukulu, ndipo ici ndi cinthu coyamika. M'caka comweco boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Komabe ana anaculuka kuposa zipinda ndi madesiki, kotero kuti kalasi la ana 80 si lacilendo, ndipo masukulu ambiri amagawa ana, ena m'mawa ena masana.

Ticite masamu pang'ono. Ola limodzi lili ndi mphindi 60. Aphunzitsi atati amve mwana aliyense mwa ana 80 akuwerenga yekha m'ola limenelo, osacita cina ciliconse, mwana mmodzi angalandire masekondi 45 cabe. Ndi cifukwa cake aphunzitsi amathawira ku kuyankhira pamodzi, ndipo sitingawadzudzule kwambiri. Ndiponso m'masukulu athu mwana amakwera giredi caka ndi caka limodzi ndi anzake, kaya wagwira kaya sanagwire. Mayeso a Giredi 7 a Examinations Council of Zambia ndi osankha yankho limodzi pa mayankho opatsidwa kale, tsono ngakhale mwana wowerenga movutikira amatolako mamalikisi ena mwa mwayi. Motero mwana akhoza kufika ku sekondale cinsinsi cake cikali cobisika.

Ngati aphunzitsi sangafike kwa mwana aliyense, mwanayo ayenera kudziwa kudzionetsa yekha. Apa ndi pamene tikuti ulemu wa m'kalasi uli ndi mbali imene makolo tiyenera kuiphunzitsa mwadala, cifukwa siibwera yokha. Mwana aphunzire kukweza dzanja, kudikira kuti achulidwe, kuimirira, ndi kunena momveka kuti, "Pepani aphunzitsi, sindinamvetse. Conde bwerezaninso." Mau amenewa alibe mwano. Muli kupepesa, muli kupempha, muli ndi coona. Amene ali ndi bodza ndi "inde" uja. Koma mwana sanganene mauwa kwa aphunzitsi ngati pakhomo, akafunsa atate ake kawiri, amalandira diso lofiira. Tiyambe ife. Pomutuma, tizimuuza kuti abwereze zimene tamutuma, ndipo akafunsa tizimuyankha bwino. Akuluakulu anati wofunsa sasocera njira.

Mbali ina ya ulemu womwewu ili kwa ana anzake. Palibe cimene cimatseka pakamwa pa mwana msanga kuposa kusekedwa. Akaimirira, n'kuphonya liu, kalasi lonse n'kufa nazo nseko, mwana ameneyo sadzakwezanso dzanja temu yonse. Kuno kwathu nkhaniyi ndi yaikulu cifukwa si ana onse amene amafika pa sukulu ndi Cinyanja ca m'buku. Mwana wa ku Petauke kapena ku Nyimba amabwera ndi Cinsenga, amati manzi pamene buku likuti madzi, amati lomba pamene buku likuti tsopano. Wa ku Lundazi amabwera ndi Citumbuka, amati maji. Wa ku Mambwe ali ndi Cikunda, ndipo wa m'makomboni a Lusaka ali ndi Cinyanja ca m'tauni cimene cimati manje. Mwana wotere akachula liu monga amalichulira amai ake, sanalakwe kuganiza. Wangofika ndi cinenero ca kwao, ndipo ayenera kuonetsedwa liu la m'buku popanda kumucititsa manyazi. Kholo lililonse liuze mwana wake kuti kuseka mnzake wophonya ndi mwano woposa kulowa m'kalasi osagogoda.

Tinenepo za mkwapulo, cifukwa tikudziwa kuti ena mwa owerenga akuti kale ana anali kuphunzira cifukwa ca ndodo. Lamulo la maphunziro la 2011 limaletsa aphunzitsi kumenya ana, ndipo kholo lopita ku sukulu kukapempha kuti mwana wake azikwapulidwa likuika aphunzitsi pa mlandu. Ife a zaka makumi asanu tinaiona ndodo, ndipo tikukumbukira bwino cimene inali kuphunzitsa. Inali kuphunzitsa kukhala cete ndi kubisala kumbuyo kwa mnzako wamtali. Amene timati anaphunzira cifukwa ca ndodo ndi aja amene anatsala pa sukulu. Anzathu ambiri amene anathawa ali m'Giredi 3 sitiwawerengera.

Kucokera ku liu kufika ku nthano

Nkhani ya cinenero cophunzitsira yakhala ikusinthasintha m'dziko muno. Kuyambira mu 1966 lamulo linali lakuti ana aphunzire m'Cingelezi kucokera Giredi 1, ndipo ambiri a ife tinaimba mau a Cingelezi zaka zingapo tisanadziwe tanthauzo lake. Cikalata ca maphunziro ca 1996 cochedwa Educating Our Future cinavomereza kuti mwana amaphunzira kuwerenga msanga m'cinenero cimene amalankhula. Pambuyo pake panabwera Primary Reading Programme, imene inali kuyamba Giredi 1 ndi cinenero ca kwao ndi kulowa Cingelezi m'Giredi 2. Kuyambira mu 2014 ana a Giredi 1 mpaka Giredi 4 anayamba kuphunzira m'zinenero zisanu ndi ziwiri za m'zigawo, ndipo Cinyanja cinali ca cigawo ca Kum'mawa ndi ca Lusaka. Ndondomeko yatsopano imene inayamba mu 2025 yabwezanso Cingelezi patsogolo. Akatswiri adzapitiriza kukangana, ndipo maboma adzapitiriza kusintha. Cimene sicisintha ndi cakuti mwana wodziwa kulumikiza zilembo m'cinenero ca amai ake ali ndi makiyi a cinenero cina ciliconse, ndipo zimenezi kholo likhoza kuthandiza ngakhale silidziwa Cingelezi.

Cinyanja cili ndi mwayi umene Cingelezi cilibe, cifukwa cimalembedwa monga cimamvekera. Zilembo za liu ndi zisanu cabe: a, e, i, o, u. Mwana akagwira zimenezi ndi kamvekedwe ka m, wapeza ma, me, mi, mo, mu. Akaonjeza t ndi n, akhoza kuwerenga mutu, mano, tate ndi nama. Cofunika ndi kamvekedwe ka cilembo, osati dzina lake la m'nyimbo ya alifabeti. Mwana woimba alifabeti yonse kucokera pa A mpaka Z akhoza kulephera kuwerenga liu lakuti moto, cifukwa maina a zilembo akalumikizidwa satulutsa liu limenelo.

Pamene ana ambiri amapunthwa ndi pa zilembo zoyenda ziwiriziwiri kapena zitatu. Kampweya kamene timalemba ndi h kamasintha liu lonse. Pala ndi kupala moto, phala ndi lakumwa m'mawa. Kola ndi kukola mbewa, khola ndi la mbuzi. Kacizindikiro ka pamwamba pa ng' kamasiyanitsa kayambidwe ka ng'ombe ndi ka ngoma. Ndipo alipo mau olembedwa mofanana amene mwana angawasiyanitse pokhapokha akamva ciganizo conse, monga mtengo wa mango ndi mtengo wa feteleza, kapena mbale wanga ndi mbale yanga. Mwana akaseka pomva kuti amai anaphika khola m'malo mwa phala, dziwani kuti wayamba kumva zimene akuwerenga, ndipo kuseka kumeneko ndi kwabwino.

Mu 2016 Unduna wa Maphunziro unayesa njira ina yochedwa Catch Up m'masukulu 80 a m'maboma a Chipata, Katete, Monze ndi Pemba, ndipo pambuyo pake inafalikira m'masukulu ambiri. Njirayi inacokera ku bungwe la Pratham la ku India, dziko limene lili ndi vuto longa lathu la ana oculuka m'kalasi. Imathandiza ana a Giredi 3 mpaka Giredi 5. Cimene tinacikonda m'njirayi ndi poyambira pake. Aphunzitsi amakhala pansi ndi mwana mmodzi payekha ndi kumumva akuwerenga, kuti adziwe pamene waima: kaya sadziwa ngakhale zilembo, kaya adziwa zilembo zokha, kaya awerenga mau, kaya kandime kakafupi, kaya nthano yonse. Kenaka ana amaikidwa m'magulu monga mwa pamene aima, osati monga mwa giredi yao. Wa Giredi 5 amene akali pa zilembo amayambira pa zilembo.

Kuyesa kumeneku kholo lililonse lodziwa kuwerenga lingakucite pa khonde m'mphindi zisanu. Lembani zilembo zisanu pa pepala kapena pansi pa mcenga. Akazidziwa, lembani mau asanu amene sali m'buku lake la ku sukulu, cifukwa a m'buku angakhale anawaloweza. Akawadziwa, lembani ziganizo zitatu za pakhomo pomwepo, monga zakuti mbuzi yakuda yalowa m'dimba la agogo ndipo yadya repu. Akawerenga, mufunseni kuti yalowa kuti ndipo yadya ciani. Pamene waima ndi pamene muyenera kuyambira, ndipo musakalipe. Mukakalipa, mawa adzaphunzira kubisa kwa inunso.

Zowerenga m'mudzi zilipo zambiri kuposa mmene timaganizira. Pa thumba la feteleza pali zilembo ndi manambala. Pali paketi ya mbeu, khadi la mwana la ku sikelo, buku la nyimbo, kalendala, zikwangwani za pa mseu, ndi nyuzipepala ino. Pali ndi mauthenga a pa foni onena kuti ndalama zalowa kapena zatuluka, amene ambiri a ife timapatsa mlendo wa pa kantemba kuti atiwerengere, nambala yacinsinsi n'kumuuza yomwe.

Mitolo ndi timitengo

Pa masamu napo vuto ndi lomwelo la kuimba popanda kumva. Mwana amawerenga m'Cingelezi kucokera 1 kufika 100 ngati nyimbo, makolo n'kuomba m'manja. Koma mumulembere 31 ndi 13, mumufunse yaikulu ndi iti ndipo cifukwa ciani, mudzaona akuyang'ana pansi. M'Cingelezi maina a 13 ndi 30 amamveka ofanana kwambiri m'khutu la mwana wa kuno, cimodzimodzi 14 ndi 40, 15 ndi 50. Cinyanja cathu, cimene tinacisiya powerenga manambala poti n'cacitali, cimanena poyera zimene Cingelezi cimabisa. 13 ndi khumi limodzi ndi zitatu. 30 ndi makumi atatu. 31 ndi makumi atatu ndi cimodzi. Sitikunena kuti ana aleke kuwerenga m'Cingelezi, pakuti ndi mmene timagulira pa msika. Tikuti mwana akasokonezeka, muuzeni nambalayo m'Cinyanja, ndipo adzaona makumi ndi zotsalira.

A Catch Up amagwiritsa nchito timitengo. Mwana amawerenga timitengo khumi ndi kutimanga kukhala mtolo umodzi. Tsono 31 ndi mitolo itatu ndi kamtengo kamodzi, pamene 13 ndi mtolo umodzi ndi timitengo titatu, ndipo maso amaona okha kuti wamkulu ndi uti. Ubwino wake umaonekera pa kucotsera kumene kumavutitsa ana ambiri. Pa 42 kucotsa 17, aphunzitsi amati "bwereka cimodzi", ndipo mwana amadabwa kuti akubwereka kwa yani ndipo adzabweza liti. Ndi timitengo palibe cobwereka. Pali mitolo inayi ndi timitengo tiwiri. Sungacotse timitengo 7 pa tiwiri, tsono umamasula mtolo umodzi, timitengo tikhala 12, mitolo itsala itatu. Ucotsa 7 patsala 5, ucotsa mtolo umodzi patsala iwiri, yankho 25. Mwana amene wamasula mtolo ndi manja ake saiwala. Udzu wofolera, mapesi a mapira ndi luzi lomangira sizigulidwa ku sitolo.

Masewera athu akale nawonso ndi sukulu ya masamu, ngakhale sitiwacha conco. Mtsikana wosewera ciyato amabweza miyala iwiriiwiri, itatuitatu, inayiinayi, ndipo amaona yotsalira. Kumeneko ndi kugawa. Woika nsolo amawerenga maenje m'mutu asanagwire mwala kuti adziwe pamene dzanja lake lidzathera. Agogo amene amati ana asayandikire nsolo poti ndi ya akuluakulu aganizirepo bwino.

Koma masamu eni eni a mlimi ali pa nthawi yogulitsa, ndipo apa ndi pamene kusadziwa kumatidyera thukuta la caka conse. Tiyerekeze kuti thumba la cimanga la makilogalamu 50 likugulidwa pa K300, ndipo banja lili ndi matumba 17. Mwana wa Giredi 5 ayenera kupeza kuti ndi K5,100, ndipo ngati acita mwa kunena kuti matumba khumi ndi K3,000, asanu ndi awiri ndi K2,100, wacita bwino kuposa woloweza. Tsono wogula anene kuti cimanga n'cosauma bwino, acotsa makilogalamu awiri pa thumba lililonse. Awiri amamveka ocepa. Koma awiri pa matumba 17 ndi makilogalamu 34, ndipo pa K6 pa kilogalamu ndi K204 imene yapita. Kapena abwere wogula wa pa njinga yamoto ndi meda yake, akulipira K15 pa meda pomwepo pakhomo. Mupatseni mwana meda yomweyo ndi thumba, awerenge kuti zilowa zingati. Tinene kuti apeza 14. Ndiye kuti thumba lapita pa K210, ndipo K90 yatsala m'thumba la wogula. Mwina mudzagulitsabe cifukwa ndalama ikufunika lero ku cipatala, koma mudzagulitsa mukudziwa cimene mwataya.

Pano ulemu ubweranso. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri waima pambali pa sikelo, waona kuti muvi uli pa 52 koma wogula wanena 48. Kodi acite ciani? Mwa mwambo wathu akhala cete, cifukwa akuluakulu akulankhula. Ife tikuti aphunzitsidwe kufika pafupi ndi atate ake, kugwada, ndi kunena motsitsa kuti, "Atate, conde ayezenso, ine ndaona 52." Sanatukwane munthu, sananene kuti wina ndi mbala, koma banja lapulumutsa makilogalamu anayi. Ndi mwana yemwe uja wophunzitsidwa kunena kwa aphunzitsi kuti sanamvetse amene angalimbe mtima kunena zimenezi.

M'munda namo muli masamu okwanira giredi iliyonse. Lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ndipo malima anayi ndi hekitala imodzi. Wa Giredi 3 awerenge mizere ndi matumba. Wa Giredi 4 apeze kuti ngati lima imodzi imafuna thumba limodzi la Compound D ndi limodzi la urea, malima atatu afuna matumba angati onse pamodzi. Wamkulu mumupatse iyi: mizere italikirane masentimita 90, mapando atalikirane masentimita 25. M'lima mulowa mizere 55, mzere uliwonse mapando 200, onse pamodzi 11,000, ndipo pa hekitala 44,000. Akapeza zimenezi mumutume akawerenge mapesi amene aimadi m'mzere umodzi mwezi wa Febuluwale. Akapeza 140 m'malo mwa 200, nonse mudzadziwa cifukwa cimene nkhokwe siidzaza, ndipo mudzayamba kufunsana ngati ndi mbeu, ngati ndi mbewa, kapena ngati ndi dzanja la wobzala.

Tikutero sitikunena kuti ana acotsedwe m'kalasi kuti akaphunzire masamu ku munda. Ici ndico colakwa cathu cacikulu ife alimi. Nthawi yobzala ndi yopalira, nthawi yokumba nshawa ndi yotola thonje, madesiki amakhala opanda anthu. Timati ndi masiku atatu cabe. Koma m'magiredi oyamba aphunzitsi amaphunzitsa zilembo motsatana, cimodzi pambuyo pa cinzake, ndipo mwana wojomba sabata imodzi amabwerera anzake atadutsa zilembo zimene iye sadzazionanso. Kufika pa nthawi ndi kufika tsiku lililonse ndi ulemu kwa aphunzitsi, ndipo ulemu umenewu uli m'manja mwa makolo, osati mwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Cimodzimodzi kumupatsa kanthu m'mimba asananyamuke, ngakhale mbatata ya dzulo, pakuti kufatsa kwina kumene timakuyamika m'kalasi ndi njala cabe.

Tikapita kukaonana ndi aphunzitsi, tipite ndi ulemu womwe tikufuna kwa ana athu, osati kukawakalipira pamaso pa kalasi. Ndipo tisinthe funso. M'malo mofunsa kuti mwana wakhala nambala cani, tifunse kuti, "Aphunzitsi, kodi munamumvapo mwanayu akuwerenga yekha? Waima pati, kuti ife tikathandize ku nyumba?" Aphunzitsi ambiri amakondwa ndi funso lotere, cifukwa limaonetsa kuti katunduyo sali pa mutu pao okha. Pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi timatha maola tikukambirana za njerwa ndi mcenga, zimene n'zofunika ndithu, koma papezeke ndi mmodzi wofunsa kuti mwa ana a Giredi 3 ndi angati amene awerenga kandime paokha. M'miphakati mwathu muli acinyamata otsiriza Giredi 12 amene akukhala cabe, ndi aphunzitsi opuma pa nchito. Ola limodzi Lasabata masana pansi pa mtengo, ndi ana khumi, makala olembera ndi mitolo ya timitengo, silifuna cilolezo ca ku Lusaka.

Nanga amene sitinapite ku sukulu, kapena agogo amene akulera adzukulu maso atayamba kuvuta? Njira ilipo. Muitaneni mwanayo ndi pensulo yake, mumuuze kuti alembe zimene munene: maina a ana anu onse monga anabadwira, kapena zinthu zisanu zokagula ku Boma ndi mitengo yake. Akatsiriza, pindani pepalalo ndi kulisunga. Madzulo muitane mwana wina wa pa nyumba yoyandikana amene sanalipo, mumupatse kuti akuwerengereni mokweza. Ngati zimene zituluka pakamwa pake ndi zomwe munanena m'mawa, ndiye kuti woyamba uja adziwa kulemba ndipo waciwiriyu adziwa kuwerenga. Ngati pena pasokonekera, aikeni pamodzi pa mphasa apeze okha pamene pavuta, ndipo mawa lake asinthane, wowerenga akhale wolemba.